Naphuma Azula Mtima Wamoyo

1. Dzino la amalume

Amalume ake a Naphuma anafika pa koleji ya anamwino m'mawa umenewo tsaya litatupa ngati abisamo dzira. Naphuma anali pambuyo pawo, bokosi la zipangizo kumanja, katoni kakang'ono kukhwapa.

Dzina lakuti Naphuma sanabadwe nalo ayi. Anamupatsa ndi amalume omwewo, chifukwa mtsikanayu ankachita chilichonse ngati agalu akumuthamangitsa. Tiyi ankamwa choimirira. Zingwe za nsapato ankamangira pamsewu. Koma mutu wokha anali nawo, pamenepo tisamunamizire. Chimalizireni sekondale ankaphunzira ntchito ya mawaya ndi intaneti kwa amalume akewo, ndipo zinthu ankazigwira msanga. Vuto lake linalinso lomwelo, msanga.

Analowa m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, kopanda windo, kozizira ngati m'firiji. Pakati pake panali kabati yachitsulo yaitali kuposa munthu. M'kabatimo munali rauta, makina amene amagawa intaneti ku makompyuta onse a pakolejipo. Tsiku limenelo rautayo inali kulira. Pii! Pii! Pii! Osapumira n'komwe.

"Tabwera uone," anatero amalume, akuyankhulira mbali imodzi ya kamwa.

Analoza timagetsi tiwiri kumaso kwa rauta. Ka kumanja kanali kobiriwira, ka kumanzere kofiira.

"Rauta iyi ili ndi mapawa sapulayi awiri kumbuyo kwake. Ndi timabokosi timene timalandira magetsi kuchokera kukhoma n'kuwapereka ku makinawa. Ine ndimangoti mitima. Mtima umodzi wafa, n'chifukwa chake alamu ikulira. Winawo ukugundabe, n'chifukwa chake intaneti ilipo. Watsopano ndi umene uli m'katoni wanyamulayo."

"Ndiye tingosintha, amalume! Tsiku lija ku ofesi ya mabasi ndinakuonani, simunazimitse n'komwe makina. Kukoka, kulowetsa, basi!"

"Basi! Iwe chilichonse ndi basi!" Amalume anafuna kukalipa, koma dzino linawakalipira kaye iwowo. Anagwira tsaya n'kukhala pa bokosi la zipangizo.

2. Chenjezo

Kuseri kwa khoma la kachipindako kunali holo ya makompyuta, ndipo m'mawa umenewo ophunzira unamwino ankalembamo mayeso awo omaliza. Sanali mayeso a papepala. Mafunso ankachokera ku likulu la mayeso kudzera pa intaneti, mayankho n'kubwerera njira yomweyo. Zonsezo zinkadutsa mu rauta yolirayo.

Mmodzi mwa olembawo anali mchimwene wake wa Naphuma. Chaka chatha mayeso omwewa anamukanika pang'ono chabe, ndipo lamulo linali lakuti wolephera kachiwiri abwerere m'kalasi chaka chathunthu. Ndiye kunyumba anthu anali ataona zakuda. Aliyense anasanduka wodwala woyeserera. Amayi anawayeza BP mpaka mkono dzanzi. Tsiku lina anamukulunga Naphuma bandeji kumutu n'kumuiwala, iye ali pa mabuku. Koma Naphuma sankadandaula, chifukwa achimwene akewo ndi okhawo pakhomopo amene sankamutchula Naphuma. Iwo ankati Injiniya wanga.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga," anayamba amalume. "Ndiyankhula kamodzi, chifukwa liwu lililonse likundibaya. Ine ndikupita kukazulitsa dzinoli. Iwe ntchito yako ndi kukhala pampando uwo n'kumayang'ana. Usakhudze kanthu mpaka mayeso athe, inenso ndibwere.

"N'zoona, mtima wakufa timausintha makina akuyenda. Koma amasintha ndi munthu amene watsimikiza kuti wakufawo ndi uti. Ukazungulira kuseri kwa kabati, uiwale zimene waona kumaso kuno. Usakhulupirire mutu wako. Usakhulupirire munthu amene wakuimirira pamsana, ngakhale atavala tayi, ngakhale atakhala ineyo. Utenge tochi, upukute fumbi, uone kagetsi ka pa bokosi lenilenilo. Ukatero uike dzanja pa fani yake. Wamoyo umapuma mpweya wofunda, wakufa umangoti zii. Ukatero utsate chingwe chake ndi chala mpaka pa soketi. Maso, dzanja, chala. Pamenepo ndiye uvale kalamba kathu kaja ka pamkono koteteza makina ku magetsi a m'thupi, uzule chingwe, ukanikize loko, ukoke pang'onopang'ono.

"Koma zonsezi ndikukuuza kuti udziwe, osati uchite. Ukalakwitsa n'kuzula wamoyo, rauta imathima pompo, intaneti ya koleji yonse n'kupita. Kuseriko kuli ana a eni ake, kulinso mchimwene wako. Lero alamu ilire mpaka isase mawu. Palibe amene anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha pii pii. Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Wamva chiyani?"

"Maso, dzanja, chala."

"Ndi chiyaninso?"

"Ndisakhudze."

"Chimenecho ndiye uchiike pamwamba pa zonsezo."

Anatuluka akubuula, dzanja lili patsaya.

3. A Tikhalechete

Naphuma anakhala pampando. Anagwedeza mwendo wakumanja, kenako wakumanzere. Anatsegula katoni n'kusuzumira pawa sapulayi yatsopano ija, yonyezimira m'kathumba kake, n'kutsekanso. Kukhala chabe kunali chilango chachikulu kwa iye kuposa kulima.

Posakhalitsa chitseko chinatseguka popanda kugogoda kapena mgugu wa mapazi. Analowa mkulu wa kolejiyo, bambo wamtali wa tayi yofiirira. Ophunzira ankawatchula kuti a Tikhalechete, chifukwa ankayenda m'makhonde chala chili pamlomo. Nsapato zawo anaziikitsa mphira kunsi kuti zisamagogode. Ntchentche ikalowa mu ofesi mwawo, msonkhano unkaima mpaka ituluke.

"Mtsikana iwe," ananong'ona, maso atatuluka, "chikulirachi n'chiyani pa tsiku la mayeso?"

Naphuma anaimirira mwaulemu n'kuwafotokozera za mitima iwiri ija. A Tikhalechete sanadikire kuti amalize. Anavula jekete lawo n'kuyamba kufunditsa rauta ngati mwana wa malungo.

"Bwana, chonde, musatero! Mukaitseka mpweya itentha, ipsa!"

Anachotsa jekete lija msangamsanga. Pii! Pii! Pii!

"Nanga m'katonimo muli chiyani?"

"Pawa sapulayi yatsopano, bwana."

"Aa! Ndiye mankhwala uli nawo m'manja, wodwala akulira, iwe wangokhala? Kuno ndi ku koleji ya anamwino, mwana iwe. Khalidwe limenelo timachotsa nalo sukulu."

"Amalume anati ndisakhudze mpaka mayeso athe."

"Aimbire."

Naphuma anaimba. Foni anayankha ndi mayi wina wa kuchipatala cha mano. "Eni foni ali pampando, kukamwa kuli yasa, adokotala ali m'kati mwa ntchito," anatero mayiyo. Chapatali kunamveka mawu a amalume: "Aaaaa!"

"Wamva? Avomera," anatero a Tikhalechete.

"Bwana, kumeneko n'kubuula."

A Tikhalechete anasintha njira. Anamwetulira n'kupendeketsa mutu.

"Amalume ako amakutama kwambiri. Amati uli ndi manja abwino. Kapena amangokusangalatsa? Mwina ntchito yako yeniyeni ndi kuwanyamulira bokosi. Palibe cholakwika, onyamula mabokosi nawonso amafunika."

Naphuma anamva kutentha m'makutu.

"Komanso mchimwene wako ndamuona," anapitiriza motsitsa mawu. "Wakhala pafupi ndi khoma lomweli. Mnyamata uja analephera kale kamodzi. Munthu angaganize bwanji ndi phokoso ili m'khutu? Akalepheranso, udzawauza chiyani amayi ako? Kuti unali pampando, mankhwala ali m'katoni?"

Apa ndiye anamukhudza pachilonda. Naphuma anadzuka, mpando n'kugwa chagada.

"Ndisintha, bwana. Sizitenga nthawi."

4. Kuseri kwa kabati

Anayang'ananso kumaso kwa rauta. Kagetsi kofiira kanali kumanzere. "Kumanzere, kumanzere," ananena yekha, akuzungulira kabati.

Kuseriko kunali kopanikiza ndi kwamdima. Mawaya anali lendelende paliponse. Mapawa sapulayi awiri aja anali pamodzi, ofanana ngati mapasa, timagetsi tawo titakwiririka ndi fumbi komanso mtolo wa zingwe. Tochi inali m'bokosi la zipangizo, pafupi pomwepo, poti akanangotambasula dzanja. Naphuma sanaitenge. Kalamba ka pamkono kokha ndiko anavala, chifukwa kameneko kamaoneka bwino munthu wa tayi akamakuyang'ana.

Tsono inu owerenga, taimani maso ndi maso ndi mnzanu wa pa desiki. Khutu lake limene lili kumanzere kwanu mulizindikire bwino. Kenako zungulirani, muime kumsana kwake. Khutu lija lili kuti tsopano? Lili kumanja kwanu. Rauta nayonso ili ndi nkhope ndi msana. Izi ngakhale mwana wa sitandade wani amazidziwa, ndipo Naphuma ankazidziwa bwino lomwe. Kungoti tsiku limenelo mutu wake unali utatsogola kale kunyumba, kukalandira mayamiko.

Maso sanagwiritse ntchito. Dzanja sanaike pa fani. Chingwe sanachitsate. Anagwira cha kumanzere kwake n'kuzula, anakanikiza loko, bokosi lonse n'kulisolola. Kukoka, basi!

Alamu inasiya kulira nthawi yomweyo.

"Eyaa!" A Tikhalechete anaomba m'manja mosatulutsa phokoso, monga mwa chizolowezi chawo. "Wamva bata limeneli? Mwana iwe ndiwe katswiri! Amalume ako akanatenga tsiku lonse, ndi misonkhano pamwamba. Ndikulembera kalata yokuyamikira, ndiika ndi chidindo!"

Naphuma anamwetulira mpaka mano onse panja. Koma kumwetulirako sikunakhalitse. Bokosi limene linali m'manja mwake linali lofunda ngati buledi wongotuluka mu uvuni.

Wakufa umangoti zii, anatero amalume.

Anatchera khutu. Si alamu yokha imene inali itasiya. Mafani onse a rauta anali ataima. Anasuzumira kumaso kwa kabati: kofiira kulibe, kobiriwira kulibe, mdima wokhawokha.

"Mayo ine!" anatero Naphuma.

"Shhh," anatero a Tikhalechete, chala pamlomo, maso ali chitsinzinire. "Tamvera kukoma kwake."

5. Phokoso lenileni

Kuseri kwa khoma kunamveka liwu limodzi: "Aaa!" Kenako mawu ambiri. Kenako mipando kukhukhuluzika, wina kumenya desiki, wina kuitana amayi ake. Chitseko cha kachipindako chinatseguka ndi mphamvu, n'kulowa mayi woyang'anira mayeso, magalasi ali pamphumi.

"Bwana, makompyuta onse aima! Pakungozungulira kamkombero!"

Naphuma sanadikire kufunsidwa. Anabwezera bokosi lofunda lija m'malo mwake mpaka loko inati tswa, n'kulumikiza chingwe. Mafani anayamba kuzungulira.

"Yabwera?" anafunsa a Tikhalechete.

"Ayi, bwana. Rauta si babu. Iyenera kudzuka kaye, idziyeze yokha, kenako ifunefune anzake."

"Iuze ifulumire!"

"Simamva, bwana."

A Tikhalechete, munthu amene sanakwezepo mawu chiyambireni ntchito, anawerama n'kukuwira rauta kumaso: "Dzuka, iwe! Dzuka!" Mayi woyang'anira mayeso anabwerera m'mbuyo ndi mantha, osati chifukwa cha makina koma chifukwa cha bwana wake.

Timagetsi tinayamba kuphethira kamodzikamodzi, mosafulumira, ngati munthu amene wadzutsidwa Loweruka m'mawa. Naphuma anangoima, thukuta lili kamukamu m'chipinda chozizira chija. Pomaliza kobiriwira kanayaka kumanja, kofiira kumanzere. Pii! Pii! Pii!

"Ambuye alemekezeke," anatero a Tikhalechete, akupukuta nkhope ndi tayi. "Sindinamvepo nyimbo yokoma chonchi."

Koma chimwemwe chawo chinali cha kanthawi. Mayi uja anathamangira ku holo n'kubwerako nkhope itagwa.

"Intaneti yabwera, koma mayeso atsekeka. Kulikulu anakonza kuti kulumikizana kukaduka chonchi, mayeso azitsekeka okha poopa kubera. Amene anali atatumiza kale mayankho apulumuka. Amene anali asanatumize, zawo zili m'manja mwa akulikulu. Akhoza kuwatsegulira, akhozanso kunena kuti mpaka chaka chamawa."

Naphuma sanafunse n'komwe kuti achimwene ake ali mbali iti. Munthu woti potuluka m'nyumba amabwerera kukagwedezanso chitseko chimene wakhoma yekha, angatumize mayankho msanga ameneyo?

Mayi uja atatuluka, a Tikhalechete anatseka chitseko n'kubwerera ku manong'onong'o awo.

"Tamvera, mtsikana. Akatifunsa, tinena kuti magetsi anaphethira. Magetsi amaphethira tsiku ndi tsiku, ndipo sadzabwera kuno kudzakana. Iwe sunakhudze kanthu, ine sindinalowe muno. Wamva?"

Naphuma anawerama n'kudzutsa mpando umene unagwa uja.

6. Maso, dzanja, chala

Amalume anafika ophunzira ali piringupiringu pakhonde, ena akulira, ena akutukwana makompyuta. Tsaya linali litatupa kuposa m'mawa, m'kamwa mutadzaza thonje. Adokotala anali atawaletsa kuyankhula.

"Magetsi anaphethira," a Tikhalechete anawalandira ndi mawu amenewo asanapereke n'komwe moni.

Amalume anangowayang'ana. Anatenga tochi n'kuzungulira kuseri kwa kabati. Pa bokosi limodzi fumbi linali lonse bwinobwino. Pa linalo panali zidindo za zala zing'onozing'ono, zooneka bwino kuposa za ku polisi. Anaunika zalazo, anaunika kalamba kamene kanali kadakali pamkono pa Naphuma, kenako anamuunika kumaso.

Naphuma akanakonda kuti amukalipire. Koma amalume anangomupatsa tochi ija. Analoza diso lawo. Anatambasula dzanja. Anaimika chala. Mayeso anali ataima kale, panalibenso choti n'kuononga.

Naphuma anapukuta fumbi. Pa bokosi la kumanja kwake panaoneka kagetsi kofiira. Anaika dzanja pa fani yake: zii. Anaika pa linalo: mpweya wofunda. Anatsata chingwe cha lakufalo ndi chala mpaka pa soketi, n'kuzula. Rauta inapitiriza kung'ung'udza ngati palibe chachitika. Anakanikiza loko, anasolola bokosi lozizira lija n'kuliika pambali. Anatulutsa latsopano m'kathumba kake, analilunjikitsa bwino, n'kulikankha pang'onopang'ono mpaka loko inagwira. Analumikiza chingwe. Fani inazungulira, kagetsi kanasanduka kobiriwira, alamu n'kukhala chete.

Ntchito yonseyo inatha msanga kuposa nthawi imene a Tikhalechete anatha pomunyengerera. Zimenezo ndi zimene zinamuwawa kwambiri Naphuma.

7. Funso la achimwene

Pakhomo panamveka kugogoda kofatsa. Anali achimwene ake, atavala yunifomu yoyera imene amayi anasita dzulo lake. Maso awo anali ofiira, koma ataona mlongo wawo anayesetsa kumwetulira.

"Amalume, pepani ndi dzino. Injiniya wanga, mwamwayi uli pano. Ndinali nditamaliza, mlongo. Mafunso onse ndinayankha, ndipo ulendo uno ndimawadziwa. Ndimangowerenganso komaliza kuti nditumize. Iwe zinthu izi umazidziwa. Tandiuza, chachitika n'chiyani?"

"Magetsi anaphethira, mnyamata," anafulumira a Tikhalechete.

"Magetsi, bwana? Koma m'holomo mababu sanathime. Makompyutanso anali oyaka."

"Anaphethira mbali ino yokha."

Amalume anatulutsa kaphokoso kena m'thonje muja, kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira. Sanaloze munthu. Anangopinda manja n'kuyang'ana kudenga.

Naphuma anavula kalamba ka pamkono n'kukaika pa bokosi la zipangizo.

"Achimwene, si magetsi. Ndine. Amalume anandiletsa kukhudza, ine ndinakhudza. Ndinazula pawa sapulayi yamoyo m'malo mwa yakufa, chifukwa sindinayang'ane. Ndimafuna kuzimitsa alamu kuti isakusokonezeni. Ndimafunanso kuti anditame, ndisaname. Pepani, achimwene."

A Tikhalechete anaika chala pamlomo, koma mawu anali atatuluka kale.

Achimwene anayang'ana mlongo wawo. Kenako anayang'ana kabati, anayang'ananso khoma limene linali pakati pa kachipindako ndi holo.

"Alamu yake iti?" anafunsa motsitsa. "Kunali alamu? Ife m'holomo sitimamva kanthu, Naphuma."

Aka kanali koyamba kumutchula dzina limenelo. Naphuma analimva ngati mbama, misozi n'kuyamba kutsika yokha. A Tikhalechete anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo za mphira ngati akuziona koyamba.

Nthawi yomweyo mayi woyang'anira mayeso anabweranso, foni ili m'manja, ataitseka ndi chikhatho.

"Ndi akulikulu la mayeso. Akuti asanagamule za ana awa, akufuna kumva chimene chachitika kuchokera kwa munthu amene anali pa makinawo. Ndani ayankhule?"

A Tikhalechete anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda chitseko. Amalume analoza thonje la m'kamwa mwawo n'kupukusa mutu. Achimwene sanayang'ane aliyense.

Naphuma anapukuta misozi ndi mkono, fumbi la rauta n'kumudetsa tsaya lonse. Anayenda kupita kumene kunali foniyo, ndipo amalume anadabwa kuona kuti mwana wa mlongo wawo akuyenda pang'onopang'ono.

"Patseni kuno, mayi," anatero. "Ndine amene ndinali pa makinawo."